Bawuti ya a Shanta

Linali Lachitatu, nthawi itangokwana folo koloko madzulo, ndikupeta chimanga pakhonde kwathu ku Utale, pamene kabaza anaima pansi pa mtengo wa masau n'kutsitsa amayi. Nthawiyo ndikuikumbuka bwino chifukwa wailesi ya aneba inali itangoitchula kumene, komanso chifukwa kwa zaka zambiri folo ikamakwana mtima wanga umadziwa wokha, ngakhale ndisanayang'ane dzuwa.

Amayi sabwera kwathu osatumiza mawu. Anakhala pamkeka, anamwa madzi makapu awiri, kenako anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa bawuti yaikulu ya panjanji, yakuda, yosalala kumutu ngati mwala wa mumtsinje.

"A Shanta atisiya Lamulungu," anatero. "Taika Lolemba. Tinayesa foni ya bambo a Tadala, sinkagwira. Ichi anandisungitsa atayamba kudwala, akuti ndidzakupatse iweyo."

Ndinailandira ndi manja awiri. Inali ikununkhabe girisi ndi utsi.

A Shanta anali aneba athu ku Nkaya, kumene ndinakulira. Sanali achibale athu. Dzina lawo lenileni tinkalimva kutchalitchi kokha, akamaitana amene ayenera kukasesa. Paunyamata wawo ankagwira ntchito yolumikiza ndi kumasula mabogi pasiteshoni, imene anthu a njanji amati ushanta, ndipo dzina la ntchitoyo linawakanirira mpaka kumanda. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu. Ziwiri zinatsala pakati pa mabogi ine ndisanabadwe. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali, ndiye ankakhala okha m'kanyumba ka malata akutha, kuseri kwa nkhokwe imene nthawi zambiri inkakhala yopanda kanthu.

Ndikawakumbukira ndimamva fungo la kalongonda. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo nyemba zimenezi ankati ndiye katundu yekhayo amene anafika naye. Ankaziwiritsa m'chitini chakuda kuyambira m'mawa, n'kumataya madzi ake kangapo kuti zisawaledzeretse, utsi wa nkhuni za mtsanya ukukwawa pansi pa mtengo wa nimu, iwo atakhala pachitsa atavala jekete yawo yakale ya kuntchito ngakhale mu Okutobala, pamene ku Nkaya ngakhale mbuzi zimabisala dzuwa. Panthambi ya nimuyo anapachikapo ndi waya chidutswa cha njanji chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Bawuti inkakhala m'thumba la jekete.

Ine ndinali mwana wosalankhula. Mawu ndinali nawo, koma anthu akaposa atatu mawuwo sankatuluka. Kusukulu anandipatsa dzina loti Nachete. Mpaka sitandade 4 zinkatheka, chifukwa tinkaphunzira m'Chichewa ndipo ndinkakhoza polemba. Koma mu sitandade 5 zonse zimatembenuka, masamu, sayansi, zonse m'Chingerezi, ndipo aphunzitsi amakuimiritsa kuti uwerenge mokweza. Chaka choyamba ndinalephera. Nditayamba kubwereza, amayi anandiitana kukhitchini. Iwo ankagulitsa chinangwa chophika pasiteshoni masiku a sitima ya anthu, bambo anali atapita kalekale osabwerera. Anandilozera beseni lachiwiri limene linali lovundikira pakona.

"Eliza, sindikukuopseza. Ukalepheranso chaka chino, beseni ili likukudikira."

Tsiku lina aphunzitsi anandiloza ndi choko kuti ndiwerenge mawu amene analemba pamwamba pa bolodi. Ndinaimirira. Zilembo zinali zambiri, zogwirana ngati bongololo, ndipo sindinadziwe poyambira. Ndinaima choncho mpaka wina kumbuyo anayamba kuimba kanyimbo ka Nachete, aphunzitsi n'kundiuza kuti ndikhale. Poweruka sindinafune kuti amayi aone maso anga. Ndinakabisala kuseri kwa nkhokwe ya a Shanta.

"Ndani akulira kunkhokwe kwanga?" anafunsa ali pachitsa. "Ngati ndinu wakuba, pepani, mwachedwa. Anankafumbwe anatha kale."

Ndinatuluka. Sanandifunse zambiri. Atamva kuti ndi mawu a Chingerezi amene andiliza, anandipatsa kamtengo kuti ndiwalembe pansi, zilembo zikuluzikulu, poti maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Kukopera ndinkatha. Ndinalemba pafumbi: timetable.

Anawerama, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyu? Ameneyu ndagwira naye ntchito moyo wanga wonse. Ndi waukali pamaso chabe."

Anaika dzanja la zala zitatu lija pafumbi n'kuphimba theka la kumapeto.

"Chatsalachi ukuchidziwa?"

Ndinanong'ona kuti time. Anasuntha dzanja n'kuphimba theka la kutsogolo. Ndinanong'ona kuti table.

"Ndiye ukulira chiyani? Awa ndi mabogi awiri, wina anangowalumikiza. Mawu aatali ali ngati sitima, mwanawe. Usaope kutalika kwake. Funa pamene alumikiza, umasule."

Kenako anatulutsa bawuti n'kumenya chidutswa cha njanji chija katatu, koyamba mwamphamvu, kawiri kotsatira mofewa. Ngwee, nge, nge. Nkhunda zinauluka padenga.

"Wamva? Powatchula mawu aja, zidutswa zake ndi zitatu, koma cholira ndi chimodzi, chakutsogolo. Mutu wa sitima ndi umene umalira, mabogi amangotsatira. Tenga. Usalankhule, ingomenya."

Ndinawayang'ana.

"Pakamwa pako pali manyazi, ndaona. Koma dzanja lilibe manyazi. Liyambe dzanja, pakamwa padzatsatira pakafuna."

Kuyambira tsiku limenelo, folo koloko iliyonse ankamenya chitsulo chija katatu, ngwee, nge, nge, ndipo ine ndinkasiya chilichonse n'kuthamangira kunimu ndi buku langa. Wotchi analibe. Ankayang'ana mthunzi wa nkhokwe ukafika pamwala wina wake. Ankati sitima yosasunga nthawi ndi ngolo chabe.

Sabata yoyamba yonse sindinatulutse mawu. Ndinkalemba pafumbi, iwo n'kutchula, ine n'kumenya. Ndikamenya mofanana monse ankagwira makutu ngati ndawalasa. "Iyayi, iyayi, ukusinja chimanga kodi? Chizungu sachisinja." Sabata yachiwiri ndinapezeka ndikung'ung'udza motsatira chitsulo. Sanandiyamikire, anachita ngati sanamve, ankangosonkhezera moto wa kalongonda. Pofika mwezi ndinkatchula mokweza, blackboard, classroom, footpath, toothbrush, dzanja likumenya, pakamwa pakutsatira. Ndi pamene anayamba kunditchula kuti a Madamu.

Sukulu iwo sanapite nayo patali. Chingerezi chawo anachitola panjanji, kwa akapitawo ndi pazikwangwani, ndipo ankachifotokoza mwa njira yawoyawo.

"Azunguwa ndi aulesi, a Madamu. Safuna kuvutika kupanga mawu atsopano. Amatenga akale awiri n'kuwagundanitsa, basi, dzina lapezeka. Komanso sitima yawo imayenda chafutambuyo. Ife timati njira ya mapazi, njira patsogolo. Iwo amayamba mapazi, njira n'kubwera pambuyo. Ukafuna kudziwa chinthu chenichenicho, thamangira kubogi yomaliza."

Nditamva zimenezo ndinayamba kulumikiza anga. Khola la mbuzi ndinalitcha goathouse, jombo za amayi ndinazitcha rainshoe. Iwo ankamenya chitsulo, n'kupendeketsa mutu kumvetsera, monga ankachitira anzawo oyesa mawilo a sitima ndi hamala.

"Ameneyu ali ndi mng'alu. Sangafike ku Balaka."

Lero ndimaganiza kuti ena ankangowakana chifukwa sanawamvepo. Tsiku lina ndinabwera ndi afternoon, amene aphunzitsi ankamukweza kumapeto osati koyambirira. Ndinaganiza kuti ndawagwira. Anayamba atafuna kaye kalongonda.

"Ameneyu mutu uli kumbuyo, ukukankha. Zimachitika pasiteshoni. Usamakhulupirire lamulo kuposa khutu."

Nthawi zina phunziro likatha ankandiuza za njanji. Anati kale, kusanabwere mawailesi a m'manja, ankagwada n'kuika khutu pachitsulo kuti amve sitima ikadali kutali, utsi wake usanaoneke.

"Njanji sibisa mawu. Ukaimenya kuno ku Nkaya, munthu wa ku Utale ataika khutu akhoza kumva."

"Zoona, agogo? Munayesapo?"

"Ndikanayesa bwanji? Ku Utale ndinalibe wondimvera."

Mayeso a teremu yomaliza atafika, tinkalowa mmodzimmodzi kukawerenga pamaso pa aphunzitsi, ena akusuzumira pazenera. Nthawi yanga inakwana. Ndinatsitsa dzanja pambali pa diresi n'kuyamba kumenya ntchafu ndi chala, mwamphamvu, mofewa, mofewa. Pakamwa panatsatira. Ndinawerenga ndime yonse. Aphunzitsi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuyang'ananso dzina papepala ngati alakwitsa mwana.

Tsiku lotsekera, dzina langa linatchulidwa pakati pa okhoza. Sindinapite kunyumba, ndinathamangira kunimu. A Shanta anaimirira, n'kuyamba kumenya chitsulo chija mosalekeza, nthawi isanakwane n'komwe, mpaka azimayi anatuluka m'nyumba akumanga zitenje, ena atasiya madzi pamjigo. Kwathu chitsulo chikalira choncho ndiye kuti kwagwa zovuta.

"Kwagwanji, a Shanta? Watisiya ndani?"

"Nachete," anayankha. "Wamwalira lero m'mawa kusukulu. Kwatsala a Madamu."

Azimayi anawakalipira kuti nkhalamba yosachita manyazi, koma ankaseka. Amayi madzulo amenewo anatenga beseni lachiwiri lija n'kuikamo ufa.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo.

Ndili pakati pa sitandade 6, amayi anadwala. Miyendo inatupa, ankalephera ngakhale kufika kuchimbudzi okha. Palibe amene anandiuza kuti ndisiye sukulu. Ndinajomba sabata imodzi kuti ndikagulitse chinangwa chimene anali atagula kale, kenako sabata yachiwiri, kenako mwezi. Ufa unachoka m'beseni muja, n'kulowamo chinangwa. A Shanta anabwera kudzazonda amayi, atanyamula kalongonda m'kambale.

"Mwanayu abwerere kusukulu, mayi."

"Ndikudziwa, agogo. Nanga tidya Chingerezi?"

"Chabwino. Koma folo koloko si ya boma. Azibwera kunimu."

Ndinapita kawiri kapena katatu. Koma buku linali lomwe lija, masamba omwe aja, ndipo anzanga akamadutsa ndi yunifolomu ndinkafuna kulowa pansi. Ndinayamba kupeza zifukwa.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la sitima ya anthu. Inachedwa kwambiri, dzuwa linatiwotcha kuyambira m'mawa, ndipo itafika inaima pang'ono chabe. Azimayi akuluakulu anandipitirira kumazenera, akufuula mitengo, ine mawu osatuluka. Sitima inanyamuka beseni langa lili lodzaza, chinangwa chitayamba kuchita thovu m'mbali. Kunyumba kunalibe ndiwo, amayi akudikira ndalama ya mankhwala. Ndinakhala pansi ndi azimayi ena pamthunzi wa bogi ya katundu imene inaimikidwa pambali.

A Shanta ankakonda kubwera pasiteshoni masiku a sitima, kudzangoonerera. Anandiona. Anayandikira ndi ndodo yawo, nkhope ili yowala, n'kugogoda pamene panalembedwa mawu pambali pa bogiyo.

"A Madamu! Taimani muwawerengere amayi anuwa chalembedwa apa. Amayi inu, mwana uyu amawerenga ngati wa pawailesi."

Mawuwo ndinkawadziwa, anali handbrake, tinawamenyapo kambirimbiri. Koma azimayi anayamba kuseka. Mmodzi anati, "Madamu wa chinangwa chowola." Wina anati, "Tagulitsa m'Chingerezi, mwina azungu agula." Sankafuna kundipweteka kwenikweni, anali otopa ngati ine. A Shanta ankangomwetulira, akudikira, bawuti ili kale m'manja.

Ndinaimirira. Ine amene sindinkatha kufuula mtengo wa chinangwa, tsiku limenelo mawu anatuluka onse, mokweza, pamaso pa anthu.

"Agogo, ndisiyeni. Chingerezi chanucho chinakupatsani chiyani inuyo? Zala munazisiya panjanji, mukudya kalongonda tsiku lililonse ngati wamisala. Musadzandiitanenso."

Kuseka kunatha. Mayi wina anati, "Iwe, mwana iwe." A Shanta anayang'ana dzanja lawo ngati akuliona koyamba, kenako analilowetsa m'thumba la jekete pamodzi ndi bawuti.

"Walankhula momveka bwino," anatero pang'onopang'ono. "Mawu onse amveka mpaka kumapeto."

Anatembenuka n'kumapita, akudumpha njanji imodziimodzi ndi ndodo.

Mawa lake ndinkaganiza kuti chitsulo sichilira. Folo itakwana chinalira. Ngwee, nge, nge. Ndinali ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Ndinaima ndi mbale m'manja mpaka kulira kwake kunatheratu m'mwamba. Ndinadziuza kuti ndipita mawa, ndikapepese, lero maso atupa. Mawa linafika, ndinati mkuja.

Kupepesa kumalemera tsiku lililonse ukakusunga. Patatha sabata ndinkaona kuti ndachedwa, patatha mwezi ndinayamba kudzera njira ya kumjigo, yotalika, kuti ndisadutse panimu. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kwa azimayi a mipango ikuluikulu. Tikakumana mwangozi ndinkagwada patali n'kupereka moni wa pansipansi, iwo n'kuyankha, "Zikomo, a Madamu," osawonjezera kanthu. Sanakanene kwa amayi. Amayi anazimva kwa azimayi a pasiteshoni, anandikalipira, anandiuza kuti ndipite, ine ndinangolira osasuntha.

Amayi anachira patatha chaka, koma ine ndinali nditatalika, ndipo kukakhala pansi ndi tiana ta sitandade 6 ndinakuona ngati kuvula pagulu. Ndinapitiriza ndi beseni. Chitsulo chinkalirabe. Nthawi ya dzinja chinkamveka chonyowa, mu Okutobala chinkamveka chouma, chakuthwa. Anthu anazolowera, azimayi ankati folo yakwana, tiyeni tikatereke madzi. Ana obadwa pambuyo ankaganiza kuti ndi belu la mudzi. Amene tinkadziwa kuti ndi kuitana tinali atatu, iwo, amayi ndi ine.

Nditakwatiwa n'kubwera kuno ku Utale, ndinaganiza kuti ndapuma. Koma ndikapita kukaona amayi ndinkaonetsetsa kuti ndanyamuka dzuwa lisanapendeke. Mwana wanga Tadala atabadwa amayi anati ndikamuonetse kwa agogo ake a panimu. Ndinati mwana ali ndi chimfine. Chimene ndinatenga kwa iwo sindinachitaye. Mpaka lero ndikaona mawu aatali pachikwangwani cha kuchipatala kapena pabotolo la mankhwala a mwana, ndimaphimba theka ndi zala, chala china chikumenya pantchafu. Ndinkagwiritsa ntchito mphatso yawo tsiku ndi tsiku, mwini wake ndikumuthawa.

Zonsezi zinandibwerera ndili pakhonde paja, bawuti ili m'manja, nkhuku zikudya chimanga m'lichero osaziingitsa.

"Nanga chitsulo chija?" ndinafunsa amayi.

"Adzukulu awo agulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Tisanasese n'komwe. Pangotsala waya panthambi."

"Ankamenyabe?"

"Mpaka mwezi wathawu. Atagona osadzukanso, ndinkawapititsira phala. Tsiku lina anandipempha kuti ndikawamenyere ineyo. Bawuti anali atandisungitsa kale, ndiye ndinkapita nayo. Ndinamenya, iwo ali pamphasa m'nyumba, n'kumva akuti, 'Mwayamba mofewa, mayi. Koyambako ndi mutu, kumalira.' Munthu akufa koma akundiphunzitsa."

Amayi anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Kupatula za bawutiyi, ananenapo za ine?"

"Iyayi. Ankangofunsa ngati folo yakwana. Ine ndi amene ndinawafunsa tsiku lina kuti, agogo, mukuitana ndani poti mwanayo anapita ku Utale kalekale? Akuti, 'Yanga ndi kuimika mbendera, mayi. Kubwera ndi kwa sitima.'"

Sitinalankhulenso za iwo. Ndinaphikira amayi, anagona ndi Tadala kuchipinda.

M'mawa mwake ndinauza amayi kuti ndimuperekeza mwana kusukulu, ngakhale amapita yekha ndi anzake. Tadala ali mu sitandade 1, ndipo sanatengere ine, amalankhula ngakhale ndi mbuzi za eni. Njira ya kusukulu kwawo imadumpha njanji pafupi ndi mlambe waukulu. Titafika pamenepo ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe sitima. Njanji inali yozizira, yonyowa ndi mame, itawongoka kuloza ku Nkaya mpaka pamene zitsulo ziwiri zimaoneka ngati zakumana.

Ndinagwada pamiyala, ndinamasula bawuti pansonga ya chitenje, n'kumenya katatu, koyamba mwamphamvu, kawiri mofewa. Kenako ndinaika khutu pachitsulo. Ndinamva kulira kwake kukuthamanga, kukuchepa, mpaka kunatha. Ndinadikira. Sikunabwere kanthu.

"Amama, mukuitana ndani?" anafunsa Tadala.

"Sindikuitana," ndinatero. "Ndikuyankha."

"Ndiye mwachedwatu. Palibe munthu."

"Eya, ndachedwa."

Anandiyang'ana, n'kutambasula dzanja kuti nayenso amenye. Ndinamupatsa. Bawuti inamulemera, anaigwira ndi manja awiri, n'kumenya katatu mofanana monse, ngati akusinja chimanga. Ndinagwira kadzanja kake n'kukakweza m'mwamba.

"Koyambako mwamphamvu," ndinamuuza. "Yambanso."